Mutu 7: Milomo ndi Mawu a Bambo Lameki

1. Lonjezo

Pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Santhe, dzina loti Chancy linkamveka pakamwa pa aphunzitsi okha. Ana asukulu onse ankangoti "Chigafa." Anayambitsa dzinali ndi Ronald, mnyamata wa pakamwa ngati lumo, ati chifukwa malaya a Chancy ankanunkha fodya.

Nanga akanatani mwana wa eni ake? Bambo ake, a Lameki, anali tenanti pa esiteti ina ya fodya wa bale, ndipo nyumba yawo inagundizana ndi chigafa chenichenicho choyanikamo fodya.

Tithokoze, mtsikana wa Folomu 3 amene ankakhala naye desiki limodzi, zimenezi zinkamunyansa. Choncho kalabu ya kanema itauzidwa kuti ijambule munthu wogwira ntchito yamanja, kanemayo akaonetsedwe Lachisanu pa tsiku la makolo, iye anasankha a Lameki.

"Toto!" anakana Chancy. "Sizikukukwanira kuti amaseka ine? Ukufuna aseke ndi bambo anga omwe?"

"Palibe adzaseke," anatero Tithokoze.

"Waiwala za chaka chatha? Kalabu yanuyo inajambula ahedi, milomo kwina mawu kwina, ngati mafilimu omasulira a m'nyumba za vidiyo. Munthu watseka kale pakamwa, mawu ndiye akufika. Mpaka lero Ronald amawayeserera."

Zinali zoona, ndipo Tithokoze sanatsutse. Anangofotokoza kuti ulendo uno adzabwereka zipangizo za azakhali ake a Modester, amene amajambula maukwati ndi misonkhano ndipo ali ndi shopu pa Santhe.

"Ndikulonjeza," anatero. "Milomo ya bambo ako ikasemphana ndi mawu awo, kanemayo sadzaonetsedwa."

Chancy anakanda m'mutu. "Chabwino. Koma dzina langa musalembepo. Asadziwe kuti ndi bambo anga."

Mpata unali umodzi wokha. Fodya anali atapita kale ku okushoni, ndipo Lamulungu m'mawa lole inali kudzatenga matenanti obwerera kwawo. A Lameki anali atatsanzika kuti akupita kwawo ku Phalombe, osadzabweranso. Chancy yekha ndiye ankatsala ndi banja lina la kumpingo kuti amalize sukulu.

2. Mawotchi awiri

Loweruka masana atatuwo anafika pa chigafa. Munali mbee, mutangotsala mikangala yopanda fodya, ndipo mphepo ya m'dambo inkalowa uku n'kutulukira uko.

A Modester anaimika kamera pa miyendo yake itatu. Kenaka anatulutsa chojambulira mawu, kabokosi kokwana m'dzanja kokhala ndi kanyali kofiira, ndi maikolofoni yovekedwa ubweya yomangirira ku ndodo yaitali.

"Bwanji osangojambula zonse ndi kamera?" anafunsa Chancy.

"Kamera ili ndi maso akuthwa koma makutu ndi a nkhutukumve," anayankha a Modester. "Pa mphepo ngati iyi imangomva fuu! basi. Ndiye zithunzi zigwidwa ndi kamera, mawu agwidwa ndi kabokosika. Ntchito ili pozikumanitsa."

Anawaonetsa manambala amene ankathamanga pa galasi la chojambulira mawu. Analumikiza kachingwe kuchokera pamenepo kupita ku kamera, nadina batani. Nthawi yomweyo manambala a pa kamera anadumpha n'kufanana ndi a pa kabokosi kaja.

"Imeneyi ndiye taimukodi," anatero. "Tsopano tchera khutu, iwe Thoko, chifukwa ine sindikonda kubwereza. Chilichonse mwa ziwirizi chili ndi wotchi yake. Wotchi imeneyi siwerenga maola ndi mphindi zokha, imawerenga mpaka kachithunzi kamodzikamodzi. Ndikalumikiza chingwechi, kamera imatenga nthawi ya mnzakeyo, ndipo chithunzi chilichonse ndi liwu lililonse zimadindidwa nambala yofanana. Tikafika pa kompyuta, zimapezana zokha. Koma kamera yangayi ndi nkhalamba. Ukangoichotsa batire imaiwala zonse, imadzuka osadziwa kuti kunja kwacha kapena kwada. Ndiye ukasintha batire, usathamangire kujambula. Chingwe kaye, uone ndi maso ako kuti manambala afanana. Anthu ambiri amaononga ntchito osati chifukwa cha umbuli, koma phuma. Amati tikakonza kunyumba. Kunyumba kuti? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo."

"Nanga chingwe chitaduka?" anafunsa Tithokoze.

"Pamenepo umaima patsogolo pa kamera n'kuwomba m'manja kamodzi, phwa! Kamera iona manja akugundana, kabokosi kamva phokoso, ife tipeza poyambira."

Tithokoze anatong'ola maso. "Ine? Kuwomba phwa pamaso pa munthu wamkulu, ngati ndikuingitsa nkhuku? Ayi azakhali, zimenezo zokha sindingathe."

"Ndiye usaiwale chingwe," anatero a Modester.

3. Kamera yathima

A Lameki anatulukira atavala jekete la kutchalitchi, m'manja atanyamula singano yawo yaitali yosokera fodya. Anali munthu wamfupi, wa ndevu za imvi zophimba milomo. Anakhala pa chitsa, nayang'ana ubweya wa pa maikolofoni uja.

"Kanyama aka kamaluma?" anafunsa.

Onse anaseka, ndipo ntchito inayambika bwino. Tithokoze anali pa kamera, Chancy atagwira ndodo ya maikolofoni, zomvera zili kukhutu. A Lameki anasimba za nazale, za kuthirira mbande mbandakucha, za kusoka masamba mpaka zala kuchita matuza.

Nkhani ili mkati, panafika uthenga woti akapitawo akufuna mwini kamera akaonekere ku ofesi ya esiteti. A Modester anang'ung'udza, koma anapita.

"Pitirizani," anatero akukwera njinga yamoto. "Thoko, wamva zija."

Fumbi la njinga lisanathe n'komwe, galasi la kamera linachita bii. Batire!

"Pepani bambo, tidikire pang'ono," anatero Tithokoze. Anapisa m'chikwama koma batire lina silinkapezeka. Chancy anatsamiritsa ndodo ija pa mikangala, anavula zomvera, nathamanga kukamuthandiza. Anakhuthula chikwama chonse, batire n'kupezeka m'kathumba ka m'mbali.

Tithokoze analowetsa batire. Chancy anabwerera pa ndodo yake. Chingwe chija chinali pompo, pamwamba pa chikwama. Koma Tithokoze asanachitole, anamva mawu achilendo.

A Lameki anali atayamba kuyimba.

Sanauzidwe ndi munthu. Anali atatsinzina, singano ili pamwendo. Tithokoze anadina batani lojambulira msangamsanga kuti nyimbo isamupite.

*Fainess, fodya wauma,*
*tiye kwathu, mvula yatha.*
*Ndikayamba ine nyimbo,*
*wondiyankha ndani?*

Fainess anali mayi ake a Chancy. Anamwalira pa esiteti pomwepo, ndipo manda awo anali kuseri kwa mitengo ya bulugama. Nyimboyi ankayimba awiri posoka fodya, wina kuyamba wina kuyankha. Tsopano pamalo poyankha paja a Lameki ankangokhala chete, kenaka n'kupitiriza.

Apa m'pamene Tithokoze anayang'ana manambala. Kalanga ine! Kamera inali itayambiranso pa ziro, pamene kabokosi kanali kutali ndi nthawi yake.

Anakodola Chancy, nalozera chingwe. Chancy anapukusa mutu mwamphamvu, misozi ili chuchuchu. Ndani angadule bambo pakamwa pa nyimbo yotere? Tithokoze anasiya kamera ikujambula mpaka nyimbo inatha.

4. Kugwada

"Yatheka!" ananong'ona Chancy akupukuta m'maso. "Thoko, yatheka. Zimitsa."

Chancy sanamvetse chimene Tithokoze ankatanthauza polozera chingwe paja, choncho sankadziwa chimene chinalakwika. A Lameki nawonso sankadziwa. Tithokoze akanatha kungokhala chete, zikadzavuta n'kunamizira kamera yokalamba ija. Ndani akanamutsutsa?

Koma mtsikanayu sanazimitse kanthu. Anazungulira kamera, nakagwada patsogolo pa a Lameki. Anapinda zikhato n'kuwomba m'manja mwaulemu, monga achitira mwana wolangizidwa akafuna kuyankhula ndi wamkulu.

A Lameki anatsegula maso. Nawonso anaika singano pansi, nawomba m'manja kumuyankha.

"Yankhulani, mayi," anatero.

"Bambo, ndalakwitsa ndine. Nditasintha batire sindinalumikize chingwe chogwirizanitsa nthawi. Nyimbo yanu yajambulidwa, koma chithunzi ndi mawu sizidziwana. Ndikupempha, ngati n'kotheka, muyimbenso."

A Lameki anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga," anatero, "wachita bwino kugwada n'kunena. Ine ndagwira ntchito ndi anthu ambiri m'zigafa muno. Alipo ena, akaona kuti fodya wayamba kuwola pakati pa mulu, amaphimba ndi masamba abwino pamwamba, ati bwana asaone. Mapeto ake belo lonse limabwezedwa, ndipo amalira ndi onse, wolakwa ndi wosalakwa yemwe. Wonena msanga amapulumutsa anzake. Khalidwe limeneli usadzalitaye, ngakhale utadzakhala bwana wa makamera khumi. Koma za nyimboyi, undikhululukire. Sindimayimbira kamera yako ayi. Ndimatsanzika mayi ake a mnyamatayu, poti mawa ndikuwasiya kuno. Munthu satsanzika kawiri. Ndikayimbanso, ikhala sewero."

Tithokoze anawerama. "Ndamva, bambo."

Anabwerera ku kamera, naizimitsa. Analumikiza chingwe, nadikira mpaka manambala atafanana, ndipo anajambula mbali yotsala ya nkhani. Koma Chancy sanamuyang'anenso kumaso.

A Modester atabwera, Tithokoze anawafotokozera zonse asanatsike n'komwe pa njinga.

"Iwe mwana iwe!" anatero a Modester atagwira m'chiuno. "Ndimayankhula ndi chitsa kodi? Ndevu zimenezija zaphimba milomo, nyimbo ndi yokoka, makutu a kamera angomva mphepo. Ndiyambira pati kulumikiza?"

"Pepa, Chancy," anatero Tithokoze.

"Pepani sapoletsa chilonda," anayankha Chancy. "Unalonjeza."

"Ndinalonjezadi. Ikakanika, sitionetsa."

Ananena mawuwa molimba, koma ankadziwa chimene angataye. Nyimbo ija ndiyo inali mtima wa kanema yense.

5. Manja awiri

Lamulungu lole inabwera, ndipo a Lameki anakwera ndi katundu wawo: mphasa, ndowa, njinga yopanda tcheni. Lolemba ataweruka kusukulu, Tithokoze anapita ku shopu ya azakhali ake. Chancy anamutsatira chapatali, manja ali m'thumba.

Shopuyo inali pakati pa telala ndi wowotcherera zitsulo. A Modester anatsegula kompyuta. Pamwamba panali zidutswa za zithunzi, pansi mzere wautali wa mawu.

"Taonani ntchito ya taimukodi," anatero, nadina kamodzi.

Zidutswa zonse zinathamanga, chilichonse n'kukaima pamwamba pa mawu ake. A Lameki anaoneka akufunsa ngati kanyama kaja kamaluma, milomo ndi mawu zili pamodzi ndendende. Ngakhale Chancy anamwetulira pang'ono asanakumbuke kuti wakwiya.

Chidutswa chimodzi chokha ndicho chinatsala kumbali, chosowa kolowera. Chinali cha nyimbo.

A Modester anayesa kuchikankha ndi maso. Anachisunthira kutsogolo, mawu anatsogola. Anachibweza, milomo inatsogola. A Lameki ankaoneka ngati akutafuna chinangwa pamene wina akuwayimbira kuseri.

"Zimitsani!" anakuwa Chancy. "Ndi zomwe ndinkanena zija!"

"Tadikira, ndione kumapeto kwake," anatero a Modester. Anathamangitsa chithunzi. Nyimbo inatha. Kenaka pa galasi panatulukira msana wa Tithokoze, akugwada.

"Iii! Kodi sunazimitse kamera?"

"Ndinaiwala, azakhali."

A Modester anasendera pafupi ndi galasi. Anayendetsa chithunzi pang'onopang'ono, kachithunzi kamodzikamodzi, mpaka pamene zikhato za a Lameki zinagundana poyankha ulemu uja. Anaika chizindikiro. Kenaka anatsikira ku mzere wa mawu, nafufuza kuseri kwa nyimbo. Pamenepo panali timinga tosongoka, taima bwinobwino.

"Awa ndi manja ako, awa ndi manja awo," anatero mwachimwemwe. "Iwe unkati sungawombe m'manja pamaso pa wamkulu. Nanga apa unkatani?"

"Koma kumene kuja kunali kupempha kuyankhula, azakhali."

"Kompyuta sidziwa mwambo, mwana iwe. Imangodziwa kuti manja agundana!"

Anakoka chidutswa chija mpaka chizindikiro chinakhala pamwamba pa kaminga ka a Lameki. Anabwerera koyambirira kwa nyimbo, nadina.

*Fainess, fodya wauma...*

Ndevu zinagwedezeka pa liwu lake lenileni. Pamene a Lameki anapuma, mawu anapumanso. Pamene anameza malovu podikira woyankha, m'shopu monse munali zii. Ngakhale wowotcherera uja anali atazimitsa makina ake.

Chancy anakhala pansi pa simenti. "Bwerezani," anatero.

Anabwereza. Tithokoze analira osabisa, chifukwa katundu amene anamusenza kuyambira Loweruka anali atatsika.

"Koma usazolowere," anatero a Modester akumuloza ndi chala. "Lero wapulumukira pa ulemu wako. Mawa udzajambula mbuzi, ndipo mbuzi siyankha m'manja. Chingwe kaye!"

6. Mawu opanda chithunzi

A Modester anali pafupi kutseka pamene anaona chinthu china. Pa mzere wa mawu, nyimbo isanayambe, panali kachigawo kopanda chithunzi pamwamba pake.

"Apa m'pamene kamera inathima," anatero. "Koma kabokosi sikanagone. Pali munthu akuyankhula."

Anakweza mawu. Kunamveka phokoso la chikwama chikukhuthulidwa chapatali, kenaka liwu la a Lameki, pafupi kwambiri ndi maikolofoni.

"Iwe kanyama, ndaona kuti diso lako lofiira likuyakabe. Undisungire mawu awa, poti pamaso pake sindingathe. Chancy, mwana wanga, ndimadziwa dzina limene anakupatsa kusukulu. Umaganiza kuti sindimva? Usachite nalo manyazi. Chigafa chimenecho ndi chimene chakuphunzitsa mpaka Folomu 3. Fungo limene amalisekalo ndi thukuta la ine ndi mayi ako. Sindinabe, sindinapemphe. Ukafuna kundibisa, ndibise, sindikwiya. Koma udziwe kuti ine kwathu ndikukanena kwa aliyense kuti ndili ndi mwana ku sekondale."

Mawu anathera pomwepo. Chancy anali ataphimba nkhope ndi malaya ake.

Patapita kanthawi anaimirira. "Azakhali, pansi pa chithunzi paja mulembapo chiyani?"

"Zimene unanena. A Lameki, mlimi wa fodya. Basi."

"Muwonjezere," anatero Chancy. "Mulembe kuti bambo ake a Chancy, wa Folomu 3."

Tithokoze anamuyang'ana. "Watsimikiza? Holo idzadzaza Lachisanu."

"Iwe unasunga lonjezo lako. Lemba."

Tithokoze analemba yekha, chilembo chimodzichimodzi, ndipo dzinalo linaoneka pansi pa ndevu za a Lameki.

Atatembenuka kuti azipita, anapeza munthu ataima pakhomo, atatsamira njinga yake. Anali Ronald, atanyamula thalauza lochokera kwa telala. Palibe anadziwa kuti anafika nthawi yanji, kapena kuti anamva zingati. Nkhope yake sinkaonetsa ngati akufuna kuseka kapena ayi.

"Chigafa," anatero Ronald, akuloza galasi ndi chibwano, "mdala ameneyu ndi ndani?"

Tithokoze anatsegula pakamwa kuti amuyankhe, koma Chancy anamugwira mkono.

"Ndi bambo anga," anatero Chancy. "Lachisanu ulawirire, ukakhale mpando wakutsogolo."